Chithunzi chopanda mboni

Mwezi wathawu tinali pa sadaka m'mudzi wina kufupi ndi Malindi, m'boma la Mangochi. Mpunga utadyedwa ndipo dua itachitika, mnyamata wina wa pabanjapo, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anatulutsa mphatso imene anabweretsera abale ake. Chinali chithunzi chachikulu cha agogo ake aamuna, amene anamwalira iye asanabadwe, choikidwa m'felemu yagalasi. Chithunzi chenicheni chinali chaching'ono ngati chikhatho, chopanda mitundu, chothimbirira ndiponso chodyedwa ndi njenjete m'mphepete. Mnyamatayo anachijambula pa foni n'kuchilowetsa mu pulogalamu ina yoyeretsa zithunzi, ndipo chinatuluka chowala, chamitundu, khungu la nkhalambayo lili see ngati la mwana. Anthu anachilandira ndi manja awiri, chikuyenda kuchoka pa mkeka wa abambo kupita pa mkeka wa amayi. Chitafika kwa mlongo wa malemuyo, mayi wa zaka zopitirira 80, anachiyang'ana nthawi yaitali n'kuchiika pansi mwaulemu.

"Kodi amenewa ndi ndani?"

"Ndi achimwene anu, anganga. Ndawakonzetsa kuti azioneka bwino."

"Achimwene anga anali ndi chipsera pamwamba pa diso lakumanzere, pamene inawamenya nkhafi tili ana. Diso limenelo linali lotsinzina pang'ono. Bambo awa ndi ooneka bwino ndithu, koma ine sindikuwadziwa."

Atafunsidwa kumene kuli chithunzi chakalecho, mnyamatayo anati anachisiya pa shopu imene anakasindikizitsa chatsopanochi, poganiza kuti ntchito yake yatha.

Mwanayo anafuna zabwino, ndipo tonse amene tinali pamenepo tinamumvetsa. Komabe zimene zinachitika tsiku limenelo zikuchitika m'makomo ambiri a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Nkhotakota. M'misika yathu muli timashopu tojambula mapepala, kumata pulasitiki ndi kukonza zithunzi zakale, ndipo ana athu, aliyense ndi foni yake m'thumba, ayamba kutsegula mabokosi a makolo. Ntchito yonseyi tikuitcha kusunga. Yafika nthawi yoti tiiunike, tione kuti pa zimene tikuchitazi ndi ziti zimene zikusungadi. Za chilamulo cha kupachika zithunzi za anthu pakhoma masheikh athu anazikamba ndipo akuzikambabe. Pano tikukamba za chilungamo cha kukopera.

Choyamba tivomereze kuti ntchitoyi ndi yofunika ndipo yachedwa kale. Amene anatsegulapo bokosi lachitsulo limene agogo anabwera nalo kuchokera ku Joni akudziwa zimene zimakhalamo: msahafu wothothoka chikuto, makitabu osindikizidwa ku Bombay kapena ku Cairo okhala ndi timawu tolemba pamanja m'mphepete, ijaza imene shehe anapereka kwa wophunzira wake, khadi la ku Wenela, makalata ochokera ku Salisbury, ziphaso za msonkho, pepala la nikah ndi zithunzi zingapo. Akudziwanso fungo la chuku limene limatuluka chivundikiro chikangotseguka. Nyengo ya kunyanja siigwirizana ndi pepala. Chinyezi chimamatiza masamba, kutentha kwa mwezi wa October kumawaumitsa mpaka kumathetheka, chiswe chimalowera pansi, ndipo dzimbiri la mapini limadya ngodya yomwe pali deti. M'chaka cha 2024 nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba za m'mphepete ku Mangochi, ndipo mtsinje wa Dwangwa unamiza midzi ku Nkhotakota. Pa nthawi ngati imeneyo munthu amayamba wanyamula ana ndi ziwiya, bokosi la pansi pa bedi n'kulikumbukira madzi atalowa kale. Choncho kamera ya foni ndi mphatso yaikulu kwa ife. Tsamba lojambulidwa m'mawa ku Salima likhoza kufika kwa mdzukulu ku Johannesburg swala ya Dhuhr isanakwane, ndipo madzi sangamize malo awiriwa tsiku limodzi.

Koma kukopera zolembedwa ndi ntchito imene ife Asilamu tili ndi mwambo wake wakalekale, ndipo mwambo umenewo ndiwo muyezo umene tili nawo pafupi. Itatha nkhondo ya Yamama, m'mene anaphedwa ambiri oloweza Qur'an, Abu Bakr (Allah asangalale naye) anapatsa Zaid bin Thabit ntchito yosonkhanitsa Qur'an pamalo amodzi. Zaid anali woloweza iye mwini, komanso anali mlembi wa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale kwa iye). Akanatha kungokhala pansi n'kulemba za m'mutu mwake. M'malo mwake anafunafuna zimene zinalembedwa pa nthambi za mitengo ya tende ndi pa miyala yopyapyala, n'kuziyerekeza ndi zimene zinali m'zifuwa za anthu, ndipo mbiri imanena kuti chilichonse chobweretsedwa chinkafuna mboni ziwiri. Masamba amenewo anasungidwa ndi Abu Bakr, kenako Umar, kenako Hafsa. Uthman atafuna misahafu yotumiza m'mizinda, anabwereka masambawo kwa Hafsa, alembi anakopera, ndipo masambawo anabwezedwa kwa mwini wake. Zolembedwa zina zimene sizinadutse njira imeneyi analamula kuti ziotchedwe, koma gwero loyesedwa ndi mboni analibweza. Alembi a mibadwo yotsatira, akamaliza kukopera buku, kawirikawiri ankalemba kumapeto dzina lawo, tsiku ndi mzinda, ndipo osamala mwa iwo akapeza mawu ofufutika ankasiya mpata m'malo mopeka. Akatswiri a hadith nawo sankalandira nkhani yopanda isnad, ngakhale ikome chotani m'makutu.

Zithunzi za agogo sitikuziika pa mlingo wa Qur'an, kutalitali. Tikungotenga pamenepa mfundo za wokopera wokhulupirika: sawonjezera zake, amatchula mboni, ndipo amabweza gwero. Pa mfundo zitatuzi, kusunga kwathu kwa pa foni kukupereweraperewera.

Tiyambe ndi kuwonjezera. Ambiri timaganiza kuti pulogalamu yoyeretsa zithunzi imachita ngati munthu wopukuta fumbi pagalasi kuti zimene zili kuseri zioneke. Sizili choncho. Pamene chithunzi chakale chafufutika palibenso chobisika choti n'kuvundukula. Mapulogalamu a AI amenewa anaphunzitsidwa pa nkhope zambirimbiri za anthu ena, ndipo akapeza malo osaoneka bwino amadzazapo zimene nkhope zambiri zimakhala nazo pamalo otero. Chipsera amachiyesa kung'ambika kwa pepala n'kuchifafaniza. Diso lotsinzina amalitsegula kuti lifanane ndi linzake. Mitundu nayo amangoilota: kanzu imene inali ya kirimu ikhoza kutuluka yobiriwira, ndipo palibe chimene chidzauze mdzukulu kuti mtunduwo ndi wongopeka. Pa chithunzi cha ku Malindi chija, malemuyo ananyamula ubao wa ku madrasa wokhala ndi zilembo za Chiarabu. Titayang'anitsitsa chatsopanocho tinapeza kuti zilembozo zasanduka timizere tokhotakhota tofanana ndi Chiarabu koma tosawerengeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2021 kampani ya MyHeritage inatulutsa njira yochititsa nkhope za pazithunzi zakale kuphethira ndi kumwetulira, ndipo lero njira zotere zachuluka. Kumwetulira kumene timaona pamenepo kunatengedwa kwa munthu wina n'kuvekedwa pa nkhope ya malemu athu. Mwana wobadwa lero akadzakula akuona zimenezo, adzakumbukira agogo amene sanakhalepo. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Chithunzi chothimbirira chokhala ndi chipsera chake chili ndi ulemu umene chokonzedwacho chilibe, chifukwa chimanena zimene kamera inaona tsiku limenelo basi.

Vuto lachiwiri ndi la mboni, ndipo ndilo lalikulu kuposa onse. Mu foni ya mmodzi wa ophunzira athu akale tinaona zithunzi zambiri za m'bokosi la agogo ake, zojambulidwa bwino ndithu, koma chilichonse dzina lake ndi manambala amene foni inapereka yokha. Titafunsa kuti bambo ovala kilemba amene aima pakati ndi ndani, anati mwina ndi amalume a mayi ake, mwinanso ndi shehe wa m'mudzimo. Amene akanayankha anamwalira chaka chathachi. Pepala likhoza kupirira zaka zina khumi m'bokosi, koma nkhalamba imene imadziwa mayina siingatidikire. Ife tathamangira kupulumutsa pepala, n'kusiya munthu amene amalipatsa tanthauzo ali khale pakhonde, osamufunsa kanthu.

Nkhaniyi ikukula tikafika pa zolembedwa m'zilembo za Chiarabu. Makolo athu, amene ambiri sanalowe sukulu za mishoni poopa kusiyitsidwa dini, ankalemba Chiswahili ndi Chiyao m'zilembo zimene anaphunzira pa ubao. Mafumu monga Makanjira ndi Mataka anali ndi alembi otero, ndipo Jumbe wa ku Nkhotakota nayenso ankalemberana makalata m'njira yomweyo. Masheikh monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje anaphunzitsa anthu ambiri amene anabalalika m'midzi n'kukatsegula madrasa awo. Zambiri zimene zili ku National Archives ku Zomba zokhudza nthawi imeneyo zinalembedwa ndi akuluakulu a boma la atsamunda ndi amishoni, monga mmene iwo anationera. Mawu athu eni ake, ngati alipo, ali m'mabokosi aja. Tsoka lake, wophunzira wa lero amene amadziwa Chiarabu cha ku koleji akatenga pepala lotero amalephera kulimva, chifukwa zilembo ndi za Chiarabu koma chilankhulo ndi cha kwathu konkuno. Pamenepo pamachitika zinthu ziwiri. Ena amaliyesa ayah n'kulikulunga m'nsalu osaliwerenga. Ena, makamaka ife amene tinapita kumakoleji, timafulumira kuliyesa hirizi n'kulamula kuti liotchedwe. Tinaonapo pepala limene linatsala pang'ono kuponyedwa pamoto, ndipo shehe wina wachikulire ataliwerenga mokweza linapezeka kuti ndi ndandanda wa ngongole za nsomba, pamodzi ndi mayina a anthu amene anachitira umboni malire a munda. Chiweruzo cha pepala chizibwera likawerengedwa, ndipo amene angathe kuwerenga malembedwe amenewa atsala ochepa.

Vuto lachitatu ndi la gwero. Mnyamata uja anasiya chithunzi pa shopu chifukwa anakhulupirira kuti chimene chalowa mu foni sichifa. Tonse tikudziwa moyo wa foni kunyanja kuno: imagwera m'madzi, imabedwa pa depoti, imagulitsidwa mwezi ukavuta, ndipo memori khadi yotchipa imangoti tsiku lina zii, osatsegukanso. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp m'njira yamasiku onse chimachepetsedwa kuti chisadye bandulo, moti timalemba tating'ono ta m'mphepete mwa kitabu timasanduka utsi. Ngakhale mabungwe akuluakulu sali otetezeka. Mu October 2023 akuba a pa intaneti analowerera makompyuta a British Library ku London, ndipo kwa miyezi yambiri anthu sanathe kufikira zinthu zochuluka zimene nyumbayo inaika pa intaneti. Mabuku a pamashelefu anali pomwepo. Ena mwa ife, pofuna kuteteza gwero, timalipereka kuti limatidwe pulasitiki wotentha. Osunga zolembedwa zakale amaletsa zimenezi, chifukwa kutentha ndi guluu zimalowerera pepala ndipo pulasitikiyo sangachotsedwenso popanda kuling'amba. Selotepi nayo imasanduka yachikasu n'kusiya banga losachoka.

Gwero lili ndi zimene kamera imazisiya. Kuseri kwa chithunzi kumakhala chidindo cha wojambula kapena mawu a pensulo. Envelopu imakhala ndi sitampu ndi deti la ku positi. Nthawi zina pepala lakale limasanduka nkhani ya ndalama. Ku South Africa kunakhazikitsidwa bungwe la Tshiamiso Trust lopereka chipukuta misozi kwa amene anadwala matenda a m'mapapo atagwira ntchito m'migodi ina ya golide pakati pa 1965 ndi 2019, kuphatikizapo ochokera kuno ndi mabanja a amene anamwalira. Pa nkhani yotere, khadi la ku mgodi lokhala ndi nambala ya wantchito likhoza kuthandiza kupeza mbiri yake ya ntchito. Banja limene linataya khadi litajambula mbali imodzi yokha, nambala ili mbuu, ladzitsekera khomo lokha.

Pali anzathu amene anakumana ndi mayeso aakulu kuposa athu, ndipo ndi bwino kuona mmene anachitira. Ku Timbuktu, m'dziko la Mali, mabanja anasunga mabuku olembedwa pamanja kwa zaka mazanamazana, mbadwo kusiyira mbadwo. Mu 2012 magulu a zida analanda mzindawo, ndipo mu January 2013, pothawa, anaotcha mabuku pafupifupi 4,000 a ku Ahmed Baba Institute. Ochuluka anapulumuka chifukwa Abdel Kader Haidara ndi mabanja ena anawalongedza m'mabokosi achitsulo, ofanana ndi a agogo athu aja, n'kuwazembetsa pa galimoto ndi pa mabwato a mumtsinje wa Niger mpaka ku Bamako. Kujambula kunabwera pambuyo, tsamba ndi tsamba, buku lililonse ndi nambala yake ndi dzina la nyumba imene linachokera. Mu 2022 kampani ya Google inaika pa intaneti masamba oposa 40,000 pansi pa dzina lakuti Mali Magic. Ntchito imeneyo ndi yotamandika, ndipo palibe amene anayesa kudzaza ndi zopeka mabowo amene chiswe chinasiya. Komabe tisaiwale ndondomeko yake. Makompyuta anapeza choti ajambule chifukwa mabanja anayamba asunga, ndipo pa tsiku la moto chimene chinapulumutsa mabuku ndi anthu amene anawanyamula. Ife tikufuna kuyambira kumapeto.

Pali chinthu chinanso chimene foni yatiiwalitsa. Bokosi linali ndi loko, ndipo kiyi ankasunga munthu mmodzi wodziwa choonetsa ndi chobisa. Makalata a agogo ali ndi madandaulo a m'banja, mayina a ana obadwira kunja, ngongole ndi talaka. Zithunzi zina ndi za amayi athu ali m'nyumba, osafunda. Zonsezi ndi amana. Kuziponya pa gulu la WhatsApp la anthu zana kapena pa Facebook kuti anthu aziyamikira ndi kuvula malemu amene sangathe kudziyankhira. Mapepala a malo ndi ziphaso zokhala ndi manambala zikafalikira zikhozanso kugwera m'manja mwa akathyali. Banja liyambe lakhala pansi, pamodzi ndi eni mbumba, n'kugwirizana zimene zingatuluke ndi zimene zikhale za m'nyumba.

Ntchito yabwino siifuna ndalama zambiri. Tsiku lotsegula bokosi, nkhalamba ya pabanjapo ikhale pomwepo, ndipo foni imodzi izijambula mawu ake pamene ina ikujambula mapepala. Manja akhale osamba ndi ouma. Pepala liyalidwe pa nsalu yoyera pamthunzi wowala, monga pakhonde m'mawa, popanda kuyatsa nyali ya kamera, ndipo foni iyang'ane pepalalo molunjika kuchokera pamwamba. Chilichonse chijambulidwe mbali zonse ziwiri, pamodzi ndi envelopu ndi chikuto. Amene angapeze makina a sikana apemphe madontho 300 pa inchi pa mapepala, ndi 600 pa tizithunzi tating'ono. Chinthu chilichonse chipatsidwe nambala, ndipo m'kope wamba mulembedwe nambalayo, amene ali pachithunzipo, malo, chaka ngati chikudziwika, dzina la amene wanena zimenezi, dzina la wojambula ndi tsiku. Imeneyo ndiyo isnad yake. Pamene anganga akukayika tilembe kuti akukayika, ndipo pamene awiri asiyana tilembe zonse ziwiri. Potumizirana tigwiritse ntchito njira yotumizira chikalata kuti chithunzi chisachepetsedwe. Makope akhale atatu, pa zipangizo zosiyana, limodzi likhale kwa m'bale wa kutali ndi nyanja, ndipo chaka chilichonse, mwina pa Eid pamene banja lakumana, wina azitsegula kuona ngati zonse zikadalipo. Wofuna chithunzi chokonzedwa asataye chosakonzedwa, ndipo alembepo poyera kuti ichi chakonzedwa ndi makina. Gwero libwerere m'bokosi lopanda mapini, lokulungidwa m'pepala loyera, bokosilo likwezedwe pamwamba, kutali ndi khoma lonyowa.

Ife a m'madrasa tili ndi gawo lathu, ndipo tachedwa nalo. Tili ndi ana odziwa zilembo, tili ndi masheikh achikulire odziwa malembedwe akale, ndipo onsewa amakumana pa mzikiti umodzi Lachisanu lililonse. Madzulo amodzi pa mwezi, shehe atamawerenga mokweza pepala limene banja labweretsa mwa kufuna kwake, ophunzira n'kumalemba m'zilembo za masiku ano, chaka chisanathe mudzi ukhoza kukhala ndi kope la mbiri yake lolembedwa ndi ana ake omwe.

Mnyamata wa ku Malindi uja anabwerera ku shopu patapita masiku atatu. Mwamwayi chithunzicho chinapezeka m'katoni ya mapepala oyembekeza kutayidwa. Atabwera nacho, anganga aja anachiyandikiza kumaso, n'kuloza ndi chala pamwamba pa diso lakumanzere, osanena kanthu. Kenako anachitembenuza. Kuseri kunali mizere iwiri ya pensulo m'zilembo za Chiarabu, imene mnyamatayo sanaijambule. Tinaiwerenga pamodzi ndi shehe wa pamudzipo: inali m'Chiyao, yotchula dzina la mwalimu amene anawaphunzitsa malemuwo ndi mudzi umene anakhitimira Qur'an. Pa onse amene tinakhala pa mkekapo, anganga okha ndi amene ankalikumbukira dzina limenelo. Mnyamatayo anatenga kope n'kuyamba kulemba, ndipo iwo anamuuza kuti akhale pansi bwinobwino, chifukwa nkhani ya mwalimu ameneyo ndi yaitali.